Buluku la Alamu Anu

Testaccio, Roma
3 Meyi

Okondedwa achemwali a Ersilia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Nanga alamu a Gaetano, shuga wawo ali bwanji? Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Toronto chatha tsopano ndipo mwayamba kutuluka panja ngati anthu. Mwana wanu Loredana ndiye ndikudziwa kuti sakupeza tulo ndi zokonzekera ukwati.

Kuno tili bwino. Mwana wathu Dario ndi mkazi wake ali bwino ku Bologna. Ine, kupatula kuthamanga kwa magazi kuja, ndine wamphamvu. Alamu anu a Fulvio nawonso ali moyo, ngakhale mwina mwamva zina.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu. Komanso ndikufuna nkhaniyi muimve kwa ine, msuweni wathu Nerina asanakuimbireni. Mukumudziwa, nkhani ikalowa m'khutu mwake ili mbewa imatuluka pakamwa ili njovu. Khalani pansi kaye.

Mukukumbukira mmene alamu anu analili atapuma pantchito chaka chatha. Munthu amene anakalambira pa chiwongolero cha basi, wokangana ndi mzinda wonse pawindo, anangoti zii. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, kumayang'ana mabasi akudutsa, osayankhula. Ndikaphika pasita ankangotola pang'ono n'kukankha mbale. Tsiku lina ndinawapeza atavala yunifolomu yawo yakale, atakhala pabedi, manja pamiyendo. Ndinachita mantha, achemwali. Ndinawauza kuti apeze chochita, chilichonse, bola azituluka m'nyumba.

Paja walira mvula walira matope.

Amene anawakopa ndi a Saverio, dokotala wa mano uja wa pafupi ndi msika. Anawauza nkhaniyo atawalowetsa kale chitsulo m'kamwa, moti sakanatha kukana. Akuti Loweruka lililonse pali gulu limene limakumana kumunda wina, ku msewu wakale wa Appia, kumavala ngati makolo athu Aroma akale, kumaguba ndi zishango ndi kumenya nkhondo zongoyerekeza. A Saveriowo ndiwo Kenturiyo, mkulu wa asilikali.

Atayamba kupitako n'kumabwera akuimba likhweru, ine ndinati pali mkazi apa. Ndinawatsatira. Ndinapeza madoda a mimba zawo, maloya, ophika buledi, wina wokonza mapaipi, atavala timadiresi tofiira tolekeza m'mawondo, akukuwirana m'Chilatini. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Koma nditayang'ana kumapeto kwa mzere ndinaona alamu anu akuseka, mano onse pamtunda. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mano abwino. Ndinalembetsa nanenso tsiku lomwelo.

Vuto linali lakuti alamu anu ankafuna chisoti chachitsulo chokhala ndi nthenga pamwamba. A Saverio anawauza kuti ayi, mlendo aliyense amayamba ngati mdani wa Aroma, aja ankatchedwa akutchire: ndevu, chikopa cha nkhosa paphewa, nkhwangwa yamtengo ndi buluku. Akuti Mroma weniweni sankavala buluku, buluku linali la osaphunzira. Ndipo ntchito ya wakutchire ndi imodzi yokha, kufa. Alamu anu anafunsa kuti azifa mpaka liti. A Saverio amvekere, "Ine ndinafa zaka zitatu, bambo Fulvio. Inu ndi mimba imeneyi muzigwa koyambirira, musatitchingire ojambula."

Kufako anakuphunzira, koma movuta. Akabayidwa ankayamba ayang'ana pansi kufuna pofewa, kusuntha timiyala ndi phazi, kenako n'kugona pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. A Saverio ankagwira mutu, akuti mwabayidwa ndi lupanga bambo, simukupita kokagona. Ndiye anayamba kuyeserera kunyumba, pabalaza. Mayi wa m'nyumba ya pansi pathu anakwera kawiri kudzafunsa ngati tiitane ambulansi.

Pagulupo palinso mayi Clelia, mphunzitsi wopuma, woyang'anira zovala ndi khalidwe la amayi. Ine anandiphunzitsa kuyenda pang'onopang'ono, chibwano m'mwamba, ndipo anandiuza kuti mayi wolemekezeka wa Chiroma sakweza mawu. Koma pa nsalu ndiye pali ukali wake wonse. Amanunkhiza nsalu mayi ameneyo. Zipi safuna kuiona, wotchi amavula anthu yekha, ndipo akapeza msoko wa makina amaung'amba iwe ukuona.

Ndinagula nsalu kumsika, ndinasoka diresi langa lalitali ndi buluku la alamu anu. Mayi Clelia anangokhudza ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "Mayi Palmira, Aroma sankavala makatani." Ndinapitanso ndi ina, akuti iyi ndi pulasitiki. Anthu anaseka. Tsiku lalikulu la mu Epulo, lokumbukira kubadwa kwa mzinda, linali litayandikira, ndipo anati amene alibe chovala choyenera adzaonerera kunja kwa chingwe. Titafika kunyumba alamu anu anakakhalanso pakhonde paja.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga. Ndinatsegula bokosi la malemu amayi.

Mukuzidziwa nsalu za bafuta zija anaomba okha kumudzi ali mtsikana, zoyala pabedi, za maluwa obiriwira opetedwa m'mbali. Zanga ndinazigonera zinatha kalekale. Zimene zinatsala ndi zanu, zija munati ndikusungireni kuti mudzapatse Loredana pa ukwati wake. Ndinazitulutsa, ndinazinunkhiza, ndinapempha amayi kuti ayang'ane kumbali, ndipo ndinadula ziwiri. Sindinakufunseni chifukwa yankho ndinkalidziwa.

Ndinasoka ndi manja diresi langa ndi buluku la alamu anu. Mayi Clelia ataigwira nsaluyo, misozi mbwembwembwe. Akuti nsalu yotere sanaionenso chimwalirireni agogo awo. Anandiika kutsogolo kwa amayi onse olemekezeka, ine wogulitsa nsomba, mkazi wa loya kumbuyo kwanga.

Koma nsalu ya buluku inapelewera, mukudziwa kukula kwa alamu anu. Kuti ikwane ndinasokerera ndi m'mbali momwe, ndiye maluwa a amayi anagwera kumbuyo kwenikweni, pokhalira. Mukukumbukira kuti amayi sankawafuna a Fulvio, ankati dalaivala alibe pokhazikika. Ndinati palibe kanthu, chikopa cha nkhosa chibisa.

Tsikulo ku bwalo la Circo Massimo kunali anthu osaneneka. Tinaguba, ng'oma zikulira, ana akutiimika kuti ajambulitse nafe. Kenako nkhondo. Akutchire anathamangira zishango za Aroma akukuwa, n'kuyamba kugwa mmodzimmodzi monga anapanganirana. Alamu anu anayenera kukhala m'gulu logwa koyambirira.

Koma kuseri kwa chingwe kunali anzawo a ku mabasi, gulu lonse, mabotolo m'manja. Atangowazindikira anayamba kukuwa kuti, "Usagwe Fulvio! Unayamba wapatsako ndani njira iwe?" Ndinaona khosi la alamu anu likuwongoka. Ndinadziwa kuti zavuta.

Msilikali woyamba anawabaya, iwo anamukankha ndi mimba. Wachiwiri anawabaya, iwo anamulanda chishango. A Saverio anabwera okha, anawagunda ndi lupanga pachifuwa n'kuwanong'oneza kuti bambo Fulvio, mwafa. Alamu anu anandiuza okha pambuyo pake kuti anayankha kuti, "Sindinamve kanthu, adokotala. Mwina jakisoni wanu uja akugwirabe ntchito."

Nthawi imeneyo wolengeza pa chimkuzamawu anali atanena kale kuti adani onse atha, Roma wapambana. Akutchire amene anali atafa anayamba kudzutsa mitu, ndipo ena anaimirira n'kutola nkhwangwa zawo. Chisoti cha a Saverio chinagubuduka, dazi pamtunda, iwo akubwerera chafutambuyo, alamu anu akuwatsata. Ana a sukulu anayamba kuchemerera akutchire. Mayi Clelia anandigwira mkono, amvekere, "Mayi Palmira, chitanipo kanthu, Roma akugwa."

Mawu anga mukuwadziwa. Moyo wanga wonse ndaitana ogula pa benchi la nsomba popanda chimkuzamawu. Ndinaiwala zonse za mayi wolemekezeka, ndinakoka mpweya n'kukuwa kuti, "Bambo a Dario! Tafani msanga, mukuchedwetsa anthu!"

Alamu anu anatembenuka, anandiyang'ana, nkhwangwa inapulumuka m'manja, ndipo anagwa chafufumimba ngati thumba la ufa. Fumbi koboo! Anthu anaseka ndi kuomba m'manja moti ndikhulupirira tsidya lina la mtsinje anamva.

Koma sanadzuke. Lipenga linalira, akufa onse anadzuka akudzisansa fumbi, iwo ali gonee. Ndinakumbukira kuti ndi munthu wamkulu, wathamanga padzuwa atafunda chikopa, ndipo mawu omaliza amene wamva kwa mkazi wake ndi amenewo. Ndinakwinya diresi n'kuthamanga. Ndinagwada, ndikuwagwedeza, ndikuitana kuti Fulvio, Fulvio wanga.

Anatsegula diso limodzi n'kufunsa kuti, "Anyamata aja aona?"

Ndinawapatsa kambama, kenako ndinalira. Ndiye anati msana wagwira, sangathe kudzuka. Asilikali anayi anawanyamula pa chishango, chafufumimba chomwecho, kudutsa nawo pamaso pa anthu onse, chikopa chitasendera kukhosi, maluwa a amayi ali poyera akuyang'ana kumwamba.

Anthu anajambula ndi mafoni. Pofika mawa lake kanemayo anali ponseponse. Kumsika anzanga akangondiona amakuwa kuti tafani msanga. Abambo mfumu anandiimika pakhomo la tchalitchi kundifunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Alamu anu ndiye alibe nazo ntchito, anzawo akawaseka amangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Dzulo Nerina anabwera, foni m'manja, atakulitsa chithunzi, n'kundifunsa kuti, "Palmira, maluwa awa si a azakhali?" N'chifukwa chake ndagwira cholembera lero.

Kugulu kunali msonkhano. A Saverio ankafuna kuti alamu anu achotsedwe, ati anyozetsa asilikali a Roma. Mayi Clelia anakana, akuti buluku limenelo ndi limodzi mwa zovala ziwiri zokha zoona pagulu lonse, ndipo silingayende lokha. Komanso kwabwera anthu atsopano ambiri kudzalembetsa, onse akufuna kukhala akutchire. Ndiye agwirizana kuti alamu anu azifa omaliza, ine ndikalamula. Atiitana kale ku matauni ena. Anawafunsa alamu anu ngati akufunabe chisoti cha nthenga, iwo anakana.

Achemwali, nsaluzo zinali zanu ndi za Loredana. Ndinalakwa, ndipo madzi akatayika saoleka. Yatsala imodzi yathunthu ndi zovekera mapilo. Ndazichapa, ndazisita, ndidzabwera nazo ku ukwati mu Julayi. Diresi langa ndingathe kulimasula n'kusoka nsalu ya patebulo ngati mwanayo angafune. Bulukulo sindikulonjeza, ndipo sindikuganiza kuti angalifune.

Koma sindikunamizani. Alamu anu tsopano akudya mbale ziwiri. M'mawa amaimba m'bafa. Ayambanso kukangana ndi wailesi. Amandiperekeza kumsika atanyamula basiketi, akundifotokozera za nkhondo zimene ndinaziona ndi maso anga. Mutandibwezera pa bokosi paja lero, sizasi m'manja, ndingadulebe. Chimene ndingasinthe n'chakuti ndingakuimbireni kaye, mundikalipire mpaka mutope, ndidule inu mukudziwa.

Pempho langa ndi lakuti mundikhululukire. Inu ndinu wamkulu, ndipo chimwalirireni amayi ndilibe wina wondikalipira koma inu. Loredana mumuuze ndinu, ine ndikuchita manyazi. Pomuuza mumuonetsenso kanemayo, munthu akamaseka savuta.

Pempho lachiwiri ndi la alamu anu. Akuti ku ukwati adzavala suti, zimenezo musadandaule, koma ndevu sameta chifukwa mu Ogasiti ali ndi nkhondo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gaetano, kwa Loredana ndi bwenzi lake, ndi kwa onse otikumbukira kumeneko. Mulungu akusungeni, ndipo aziziritse mtima wanu musanagwire foni. Mukafuna kundikalipira imbani Lamlungu tikabwerako ku tchalitchi, ndidzamvetsera osakudulani mawu. Loweruka musavutike, alamu anu amakhala atafa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Palmira