Chifukwa Chake Agogo Ankatchedwa Buluu

Adelaide,
Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Wade,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, ngakhale ndikudziwa kuti bwino wakeyo ndi wa pakamwa chabe. Msana uja unaleka? Nanga bondo la amayi likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino. Alamu ako a Colin alinso bwino, kungoti ayamba kunenepa ndipo akunamizira makina ochapira kuti ndi amene akuchepetsa mathalauza awo. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga sukuyankha, ndipo kalata sungaidule ndili pakati polankhula.

Kuntchito kwabwera bwana watsopano wokonda misonkhano, moti nsalu za odwala zikumaunjikana ife tili pa mipando kumvera mmene tingachapire mofulumira. Kutentha kwayambanso msanga chaka chino. Ndikumaumitsa madzi m'mabotolo n'kuwaikira makoswe anga m'makola kuti azitsamira, ndipo Colin akudandaula kuti mowa wake ulibenso malo mufiriji.

Ndikudziwa kuti wakwinya kale nkhope. Iwe ndi malemu abambo munatha chaka chija cha mliri wa mbewa mukuzikokolola ndi fosholo m'nkhokwe za tirigu, ndiye mlongo wako n'kupita kutauni kukaweta makoswe m'chipinda cha alendo, n'kumawaitana mayina. Seka, ndinazolowera. Koma lero lokha uwerenge mpaka pansi.

Khoswe wanga wamkazi, Pikelo, waswa. Ndinadikira nthawi yaitali ndisanamukweretse, chifukwa ine sindiswetsa khoswe ndisanapeze anthu odzalandira ana ake, komanso ndisanadziwe kuti kumtundu kwake kulibe zotupa kapena chifuwa. Paja makoswe a kunja saloledwa kulowa m'dziko muno, ndiye magazi ndi omwewo akungozungulira, ukachita mphwayi umabereketsa matenda. Wamwamuna ndinabwereka kwa mnzanga Dimity, amene wakhala akuweta kuyambira kale. Dzina lake ndi Sajeni, wakuda bii. Pikelo nayenso ndi wakuda bii.

Ana anabadwa asanu ndi anayi. Ubweya utayamba kumera, asanu ndi awiri anada ngati makolo awo, koma awiri anatuluka otuwa ngati phulusa, mtundu umene ife oweta timautcha buluu. Dimity atabwera kudzawaona anagwira pakamwa n'kundifunsa kuti kodi ndani ankalowera pawindo Sajeni ali m'tulo. Tinaseka mpaka misozi, chifukwa tonse tikudziwa mmene zimayendera. Agogo ake a Pikelo anali otuwa, ndipo kwawo kwa Sajeni kunalinso wina wotuwa kalekale. Mtunduwo umabisala m'magazi, umadutsa mwa mwana osaoneka, mwa mdzukulu osaoneka. Tsiku limene wakumana ndi unzake wochokera mbali inayo, ndi pamene umatulukira poyera, makolo onse awiri ali akuda.

Nditamuperekeza Dimity kuseka kunandithera, chifukwa ndinakumbukira iwe.

Amayi anandiuza zonse, usawakalipire. Akuti mlamu wanga Kirra ananyamula khanda n'kupita kwa mayi ake ku Port Lincoln, chifukwa iwe unanena patebulo, anthu akudya, kuti tsitsi lofiira la mwana wanu Nell si la kwathu. Akutinso unatchula dalaivala uja wa ndevu zofiira amene amabwera kudzanyamula tirigu. Wade, ndinachita manyazi m'malo mwako. Mkazi amene wakhala nawe m'fumbi la ku Kimba zaka zonsezi, amene ankayamwitsa ana a nkhosa ndi botolo ali ndi pakati, n'kumunena zimenezo pamaso pa apongozi ake?

Ndinamuimbira Kirra. Sanakunyoze ngakhale pang'ono, zimene zinandipweteka kwambiri, chifukwa ine ndinali nditakonzeka kumuthandiza. Anati anakuuza kuti amalume ake anali ofiira tsitsi, ndipo iwe unayankha kuti anyamata a kumowa akuti tsitsi lotero limafuna mbali zonse ziwiri, ndiye kwathu wofiira ndani. Apo anzako a kumowa aja analondola, ndipo ndi koyamba. Limafunadi mbali zonse ziwiri, ngati makoswe anga omwewa. Funso lako lija linandisowetsa mtendere, chifukwa nanenso wofiira wa kwathu sindinkamudziwa.

Lamlungu ndinapita kukaona azakhali a Merle kunyumba yosungirako okalamba. Maso anafooka koma mutu ukugwira kuposa wanga. Ndinawatengera mabisiketi aja amawakonda, ndipo ndinawafunsa mosatchula nkhani yako ngati kumtundu kwathu kunakhalapo munthu wa tsitsi lofiira. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nkhosa ili ndi ubweya. Anandifunsa kuti bambo awo, agogo athu a Mervyn, anthu ankawaitana kuti chiyani. Ndinati Buluu. Anati chifukwa chiyani. Ndinayankha zimene ine ndi iwe takhala tikukhulupirira kuyambira tili ana, kuti chinali chifukwa cha vesiti ya buluu ija ankavala pometa nkhosa.

Azakhali anaseka mpaka kutsamwa ndi bisiketi, namwino anachita kubwera kudzawamenya pamsana. Atapeza mpweya anati, “Ana inu munakulira dziko liti? Ometa nkhosa onse ankavala vesiti yomweyo, bwanji sanatchedwe Buluu onsewo?”

Wade, kwathu kuno munthu wotchedwa Buluu amakhala wotani? Taganiza za Buluu Hanlon wa pamalo omwetsera mafuta, ndi mutu wake uja. Taganiza za Buluu wa timu yathu ya mpira. Timamutcha munthu Buluu chifukwa ndi wofiira tsitsi, nthabwala yakalekale imene tonse timaidziwa. Koma pa agogo athu enieni sitinaiganizire, chifukwa tinawapeza ali ndi dazi losalala ngati dzira, chipewa chili kumutu, ndipo zithunzi za unyamata wawo n'zopanda mtundu. Amayi nawonso anakwatiwa tsitsilo litatha kale. Azakhali akuti linali lofiira ngati njerwa yowotcha, ndipo agogo aakazi ankawazindikira ali kutali kumunda. Abambo anabadwa ndi tsitsi lakuda, ananyamula lofiiralo mwakachetechete n'kukupatsira iwe. Akanakhala moyo akanakukoka khutu tsiku lomwelo.

Sabata yatha kunabwera bambo wina kudzabweza khoswe amene anatenga kwa ine chaka chatha, akuti ubweya wasintha, sukufanananso ndi umene anasankha. Ndinamulandira khosweyo, chifukwa aliyense wobadwira m'nyumba mwanga ali ndi pobwerera. Koma bamboyo ndinamuuza kuti kwa ine asadzabwerenso, ndipo ndinauza oweta anzanga onse. Ndinakwiya tsiku lonse. Ndiye tangoganiza mmene ndikumvera kuti mlongo wanga, amene ndinkamubereka kumsana popita kukakwera basi ya sukulu, wachita zomwezo kwa mwana wake.

Ndimakukonda, chitsiru iwe, ndipo ndikudziwa kuti sukugona. Amayi akuti kabedi ka mwana sunakachotse, ndipo umakaima pakhomo la chipindacho. Koma Kirra wandiuza kuti mchemwali wake wamupezera ntchito kufakitale ya nsomba, ndipo ayamba mwezi wamawa. Akangoyamba, sindikhulupirira kuti adzabwereranso kumunda.

Pempho langa ndi limodzi. Usadikire kuti uyambe wakolola tirigu. Agalu uwasiyire anyamata a kwa Schubert, aneba ako aja, uvale shati yoyera, uyendetse galimoto mpaka ku Port Lincoln. Usapite ndi nkhani ya makoswe kapena ya agogo ngati umboni woti Kirra wapezeka wosalakwa, iye sanali pa mlandu. Ukapepese pamaso pa mayi ake, monga mmene unamunyozera pamaso pa amayi athu. Akakubweza, ukagone mugalimoto n'kubwereranso m'mawa.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a bondo ndi akumwa, si okongoletsera shelefu. Moni kwa amalume a Des ndi akazi awo, ndi kwa asuweni athu onse a ku Cleve. Colin akuti moni, azakhali a Merle akuti ubwere adzakuone ndi maso awo ofookawo, ali nawe mawu.

Moni wopita kwa mlamu wanga Kirra sindikupatsira, ndinapereka ndekha. Koma pali moni umodzi umene ndikufuna ukapereke ndi pakamwa pako, utamunyamula m'manja. Ukamupsompsone pamutu pofiirapo, umuuze kuti azakhali ake akupereka moni kwa Buluu wamng'ono wa kwa Mervyn, mwana wa Wade.

Ndine mlongo wako wa makoswe,
Raelene