Amene Sanabwerere

Lolemba, 9 Juni

Tsiku loyamba kundende. Foni andilanda pageti, andisecha mpaka m'kabokosi ka chakudya. Ntchito yanga ndi kuona ngati pulogalamu yothandiza akaidi kusiya mankhwala ozunguza bongo ikuphula kanthu. Lipoti langa likati ayi, mwezi wamawa aitseka. Ine ndabwerera manambala basi, osati macheza.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndakhala nawo m'kalasi. Kachipinda ka windo limodzi, mabenchi atatu, amuna khumi ndi asanu. Mlangizi wawo ndi bambo wamfupi, amalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Mkaidi wina, amamutcha Injini chifukwa cha mkonono, wandifunsa kuti, "Mayi, mwabwera kudzatiyeza kapena kudzatitsekera sukulu?" Ndaseka ndisakufuna.

Lachitatu, 11 Juni

Mafayilo tsiku lonse, fumbi mpaka m'mphuno. Fomu yathu njosavuta: munthu akatuluka n'kutha chaka osamangidwanso, timalemba kuti anachira. Mwa 40, osabwerera alipo 31. Madzulo ndaimbira abwana, akuti, "Basi lembani, zayenda." Mtima m'malo.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinati ndikaone mmodzi wa 31 aja ndi maso, lipoti likhale ndi kankhani kokoma. Ndinasankha wina amene ndi telala. Nyumba ili kuseri kwa galaja, njira yamatope. Mayi ake andipatsa mpando n'kundilozera makina osokera ali chiphimbire ndi nsalu.

"Mwachedwa, mwanawe. Anatisiya atangotha miyezi iwiri panja. Anakumana ndi anzake akale aja."

Pa fomu yanga ali m'gulu la ochira. Zandipweteka, komanso ndachita manyazi kwambiri.

Loweruka, 14 Juni

Ndachapa, ndasita, ndakolopa kawiri. Lipoti sindinaligwire.

Lolemba, 16 Juni

Ndawauza alangizi za imfa ya telala uja, tili awiriwiri m'kalasi. Ndimati andichonderera kuti ndisalembe, poti ntchito yawo yagona pomwepo. Iwo angotsegula kabati n'kutulutsa kope lothetheka m'mbali.

"Si mmodzi, mayi. Alipo anayi. Maliro onsewo ndinapita. Koma palibe anandifunsapo."

Ndawakumbutsa kuti manambala atsika, mwina pulogalamu n'kutsekedwa. Apukuta magalasi ndi malaya.

"Atsike. Koma ana angawa musawalembe kuti anachira."

Ndabwereka lula, ndajambula danga latsopano la omwalira pa fomu. Iwo akutchula mayina mmodzimmodzi, ine ndikulemba.