Ofesi Yanu Yamagalasi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Ngati muli bwino, tithokoze Mulungu. Ife tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma amadzikoka mpaka pamakina awo osokera. Ine ndinabwerera kusukulu kukabwereza mayeso. M'kalasi ndine wamkulu kuposa onse, ndiye ndimakhala ndekha kumbuyo, pafupi ndi zenera.

Musaganize kuti ndinaiwala. Pamaliro a bambo simunabwere, munati ntchito yakupanikizani. Ndinazisunga.

Aphunzitsi anatipatsa kafukufuku woti aliyense alembe za kampani imodzi. Ine, uchitsiru wanga, ndinasankha yanu, ija munatitumizira tsamba lake la pa intaneti. Ndinkati mwina ndidziwako za moyo wanu, poti makalata simulemba.

M'chipinda cha makompyuta aphunzitsi anati tsamba lili ngati mboni, sitilikhulupirira chifukwa latchena. Anati tizifunsa kuti analilemba ndani, analilemba liti, ndiponso ngati alipo wina kwina amene akunena zomwezo. Lanulo dzina la munthu palibe. Tsiku palibe. Kampaniyo ndinaisaka ponseponse, palibe ngakhale nyuzipepala imodzi yoitchula. Kenaka aphunzitsi anandionetsa mmene timafufuzira kumene chithunzi cha patsamba chinachokera. Achimwene, ofesi yanu yamagalasi ija ndi chipatala cha mano cha dziko lina.

Kamtsikana kena kanafunsa ngati achimwene anga amazula mano. Onse anafa nalo phwete. Inetu, wa pakamwa ngati lumo, ndinangoweramira pakompyuta.

Pansi pa tsambalo panali nambala ya foni. Poweruka ndinabwereka foni ya alonda a pageti n'kuimba. Munayankha ndinu. Munakuza mawu ngati bwana, kufunsa kuti mungandithandize chiyani, kwinaku munthu wina akukukalipirani kuti mufulumire ndi wilibala. Ndinadula. Zaka zitatu zinali zitatha ndisanamve mawu anu. Ndinangoima pomwepo mpaka alonda anaitanitsa foni yawo.

Amayi sindinawauze. Chithunzi chija anatsukitsa, chili pakhoma pamwamba pa makina, ndipo aliyense wobwera ndi nsalu amayamba waona ofesi ya mwana wawo. Madzulo timadya awiriwiri, iwo akukutamani, ine ndikuyang'ana chipatala cha mano.

Kukhululuka sindinakhululuke, musadzinamize. Koma bodza lanuli ndatopa kulisenza ndekha. Ngati ndi manyazi amene anakutsekerani njira ya kumaliro, nenani. Kukankha wilibala si mlandu. Alembereni amayi nokha mwezi uno usanathe. Apo ayi, chithunzicho ndichotsa ndine, ndipo akandifunsa sindinama.

Kafukufuku uja ndayambiranso. Ndasankha fakitale ya sopo ya kuseri kwa sukulu. Imeneyo ndimaiona ndi maso angawa, ndipo fungo lake limandipeza pazenera.

Mundiperekere moni kwa azakhali ngati mumapondako. Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima wonena zoona.

Ndine mlongo wanu yemwe uja.