Kapu ya Pazenera

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, mphumu yanga yachepako.

Mwezi watha lilime langa linatuluka zoyera ngati mkaka wowundana. Apongozi ataziona sanalankhule, anangochotsa kapu yanga pa makapu ena n'kuiika pazenera. Mukudziwa zimene anaganiza. Ankaona ngati ndili ndi matenda opatsirana.

Koma Azakhali, kunjaku kuli anthu abwino! Kuchipatala anamwino anati zoyerazo zimabwera ndi mankhwala anga opopera aja akamatsalira m'kamwa. Anati ndisawasiye, koma ndikapopera ndizichukucha ndi madzi n'kulavula. Anandipatsanso mankhwala amadzi a zoyerazo. Ataona misozi yanga, ndinawauza za kapu ija, ndipo anandifunsa ngati angaitane apongozi omwe anali pabenchi. Ndinavomera ndi mutu. Atalowa, anamwino anawauza kuti:

"Mayi, mpongozi wanuyu mlandu wake ndi wosachukucha basi. Inunso mutapopera osachukucha, zingakutulukeni!"

Mpaka apongozi anaseka. Ine mawu amenewo ndikanawatenga kuti?

Panopa ndachira. M'mawa uliwonse apongozi amafunsa, "Mwachukucha?" Madzi ochukuchira amandithirira okha. Kungoti kapu ija ikadali pazenera. Mwina angoiwala.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mwana wanu.