Bokosi la Egya Essilfie Lisazime

Lachiwiri, 4 Juni
Magetsi athawanso. Bokosi lokometsa mawu a gitala lili moyo, batire ya galimoto yagwira. Zaka zisanu ndi zinayi osazima.
Mkazi wanga Araba akuti ndili pa mitala, ndipo mkazi wachitsuloyo ndiye amadya bwino. Sakumvetsa. Egya Essilfie, amene anandiphunzitsa gitala, anatchera okha mawu m'bokosili asanamwalire. Kunjenjemera kuja, kubwereza ngati munthu akuyankha ali kutsidya. Kabatire kam'kati kanafa kalekale. Likangozima, laiwala zonse. Oimba a masiku ano akuti foni imachita zomwezo. Foni!

Lachinayi, 6 Juni
Maame Ekuwa, mkazi wa malemu Egya, aimba lamya. Mchemwali wawo aikidwa Loweruka ku Elmina. Akufuna ndikaimbe. "Ndimveko mawu a amuna anga." Ndavomera. Mantha.

Loweruka, 8 Juni
Mu minibasi bokosi pampando wake, batire pamiyendo panga, nthambo m'manja. Mayi wina anafunsa ngati wodwalayo akupuma.
Tafika bwino. Ndinangochokapo pang'ono kukadya kenkey, nsima ya kuno, ndi nsomba. Pang'ono chabe. Galimoto ya maliro inakana kulira. Abambo anayi ovala zakuda anaona batire yangokhala pansi pa tebulo, anainyamula. Maliro anapita kumanda bwinobwino.
Kagetsi kofiira ka bokosi zii. Ndinalira kuposa eni maliro. Ena mpaka anabwera kudzandipepesa, kufunsa ubale wanga ndi malemu.
Batire itabwerera ndinalumikiza, ndinaimba. Maso pansi, manyazi okhaokha.

Lamulungu, 9 Juni
Sindikumvetsa. Maame Ekuwa anandigwira manja onse awiri. "Ndi iwowo, mwana wanga. Ngakhale paja ankaphonya waphonya pomwepo."
Akumva bwino amayiwa?

Lachitatu, 12 Juni
Bokosi ndalitengera kwa Bentsil wokonza mawailesi ku Market Circle. Watsegula. Chisa cha mavu, mazira a nalimata, nthambo yodyedwa ndi khoswe. Akuti linafa zaka zambiri zapitazo, mwina Egya asanamwalire. Mawu amalowa uku, kutuluka uko, osakhudzidwa. Chamoyo ndi kagetsi kokha.
"Achimwene, mwakhala mukudyetsa tochi," anatero, akupukuta misozi ya kuseka.
Maukwati angati ndinakana poopa kulisiya lokha? Ku maliro a malume anga sindinagone. Zaka zisanu ndi zinayi!

Lachisanu, 14 Juni
Ndaimba popanda bokosi, chitseko chotseka. Kunjenjemera kulipo. Kubwereza kulipo. Ndayang'ana zala zangazi nthawi yaitali. Zayamba kupindika ngati zawo.
Ndawasowa Egya. Kwambiri.

Loweruka, 15 Juni
Araba sindinamuuze. Akadziwa, ndisamuka muno mu Takoradi.
Masana magetsi anathawa ndili kubafa. Ndatuluka ndi sopo kumutu, mwachizolowezi. Ndapeza Araba atagwada, walumikiza kale batire, akutukwana chapansipansi.
"Mkazi mnzanga asafere m'manja mwanga," akutero.
Kagetsi kayaka. Ndasiya choncho.