Yobu Aphunzira Kusatha

Lolemba, 7 Epulo

Mvula yalekeratu. Fodya wauma bwino m'chigafa. Yobu, mlongo wanga, wayamba kusankha kuyambira Lachisanu. Zaka 27, kuwerenga ayi, kumanga zingwe za nsapato ayi, koma akangogwira tsamba amadziwa mulu wake. Ine ndimaona mitundu itatu, iye isanu ndi iwiri. Chaka chatha ku okushoni belo lathu silinabwezedwe ngakhale limodzi, ndipo amuna anga, a Benjamin, anayenda chifuwa patsogolo ngati anasankha ndi iwo.

Kuchipatala anati ndi otizimu, kuphatikizapo khunyu. M'mudzi muno amangoti wozerezeka, sachedwa nazo. Mankhwala a khunyu atsala a masabata asanu. Kuchipatala kulibe kuyambira Januwale, timagula ku famase ku boma. Akadumphitsa masiku awiri amagwa. Chipsera chimene anapsa pamkono atagwera pamoto chimandiwawa ine kuposa mwini wake.

Masana kunabwera a Jeremiya a komiti ya chitukuko, atavala tisheti yatsopano yolembedwa kuti WINA ASATSALIRE. Yothina pamimba. Akuti boma lakumbukira anthu a ulumali wa mu ubongo. Kukubwera khadi, wokhala nayo azilandira mankhwala mwezi ndi mwezi, osadumpha. Malo ndi khumi ndi awiri dera lonse lino. Ndinafunsa kuti nanga enawo? Akuti enawo asatsalire chaka chamawa.

Khadi imeneyo ndikuifuna. Ndikuifuna zedi.

Lachitatu, 9 Epulo

A Jeremiya anabweranso ndi fomu imene anaiona ku semina. Masiku atatu pa loji, nkhuku kawiri pa tsiku. Za nkhuku anafotokoza mwatsatanetsatane, za fomu ndinachita kuwakumbutsa.

Funso lachisanu ndi chimodzi: kodi munthuyu angathe kugwira ntchito iliyonse? Akachonga kuti eya, zathera pomwepo. "Mayi a Thoko, boma silithandiza munthu wotha ntchito. Akadzamupeza m'chigafa ameneyu, mwaluza."

Ndiye kuti mlongo wanga ndi wolumala kutchalitchi, pamsika, pamaliro, paliponse pamene anthu amamusuntha kuti akhale kumbuyo. Koma akafika ku boma ndi wabwinobwino, chifukwa cha masamba a fodya.

Olemba mayina abwera Lachiwiri. Ndaganiza zomuphunzitsa.

Lachisanu, 11 Epulo

Sukulu yatsegulidwa pakhonde. Mphunzitsi ine, mwana wa sukulu Yobu, phunziro limodzi lokha. Ndikafunsa kuti umatha kusankha fodya, iye aziti sinditha.

Maulendo makumi awiri ndafunsa. Maulendo makumi awiri: "Ndimatha." Akumwetulira, zala zikuvina m'mwamba monga amachitira akakondwa. Ndamulonjeza mandasi, wadya mandasiwo, "Ndimatha." Mayi wa Chigwirizano ine, woyambitsa nyimbo pa maliro, thukuta kamukamu kuphunzitsa munthu bodza. Ena amabadwa nalo, wathuyu linamudutsa.

A Benjamin akuseka kuseri kwa nkhokwe. Akuti ndimutumize ku semina.

Lamulungu, 13 Epulo

Pa wailesi bwana wina wa ku Lilongwe amalankhula za anthu ngati Yobu. Mawu okoma zedi. Ndondomeko yalembedwa, ndalama zaikidwa padera, komiti yakhazikitsidwa yoti iziyang'anira komiti inzake. Yobu amakonda mawu a munthu wa pa wailesi, anabwereza masana onse kuti "zaikidwa padera, zaikidwa padera." Paderapo ndi pati, sanatchule. Ndikadapadziwa ndikadapita wapansi.

Lolemba, 14 Epulo

Ndachita chinthu choipa. Ndilembe, mwina mtima ungapepuke.

Yobu sanena chimene sakuchikhulupirira. Ndiye ndinasiya zomuuza kuti uziti sinditha. Ndinamukhazika pansi, ndinamuyang'ana, ndinati: Yobu, iwe sutha. Umasakaniza fodya. Ukachoka ndimakonza ndine, zaka zonsezi.

Zala zinasiya kuvina. Anayang'ana kuchigafa nthawi yaitali. Kenako, motsitsa: "Ndimasakaniza?" Ndinati eya.

Chigafa ndatseka ndi mphasa ndi minga. Ndi za tsiku limodzi lokha. Mawa akalembedwa ndidzamuuza kuti zinali zocheza.

Lachiwiri, 15 Epulo

Tinasesa pabwalo. Yobu anasamba, malaya a kutchalitchi. Tinadikira mpaka mbuzi zinabwerako.

Sanabwere. Galimoto ilibe mafuta. Akuti Lachiwiri linalo.

A Jeremiya akuti chigafa chikhalebe chotseka kwa Yobu, anthuwa amatha kutulukira mwadzidzidzi. Mwadzidzidzi! Anthu opanda mafuta.

Lachiwiri, 22 Epulo

Sanabwerenso. Ali ku Mponela, semina ina. Mafuta opitira kumeneko anapezeka.

Fodya sadikira fomu. A Benjamin ndiwo akusankha tsopano, akutukwana masamba ngati masambawo ndiwo olakwa. Mindindi imene akumanga ndaiona, tsamba lofiira ndi lotuwa pamodzi ngati apabanja.

Yobu masiku oyamba ankadzuka m'mawa nkukaima pakhomo la chigafa, ine nkumubweza. Kuyambira Loweruka sakupitako. Amakhala pansi pa mango, kugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinamuyesa mayeso: umatha kusankha fodya? "Sinditha." Osazengereza nkomwe. Ndinayenera kukondwa. Ndinalowa m'nyumba kukalira.

Lachisanu, 2 Meyi

Mabelo awiri mwa atatu abwezedwa, akuti osakaniza. A Benjamin abwera nkhope ili gwaa, sanavule ndi nsapato zomwe. "Boma lakolo limulemba liti mlamuyu? Tidya khadi chaka chino?"

Ndalama ya famase inali m'mabelo amenewo. M'botolo mwatsala za masiku khumi.

Dzulo Yobu anadziluma dzanja mpaka magazi. Anasiya zimenezi amayi akadali moyo.

Lachinayi, 8 Meyi

Abwera. Galimoto yoyera, dalaivala osatsika. Wolemba mayina ndi Mayi Dyna, wachitsikana ndithu, fumbi m'tsitsi, maso otopa. Munthu waulemu, anagwada popereka moni. Pambuyo pake a Jeremiya, tisheti yochapa.

Atatulutsa fomu ndinaona kuti si ija. Akuti yakale inathetsedwa ku Mponela. "Mawu oti sangathe ndi onyoza, amayi. Ndondomeko yatsopano ikufuna aulumali odzidalira. Malo khumi ndi awiri aja akupita kwa amene ali ndi luso la manja, oti tikhoza kuwajambula akugwira ntchito." A Jeremiya ankagwedeza mutu ngati anailemba ndi iwo.

Ndisanatsegule pakamwa, mayi uja anatembenukira kwa Yobu: "Achimwene, ilipo ntchito imene mumatha?"

"Sinditha. Ndimasakaniza. Amakonza ndi achemwali." Mawu anga enieni, ndi kamvekedwe kanga komwe. Mphunzitsi aliyense akadanyadira.

Ndinati ayi, ayi, amatha, Kaluluma yense akudziwa! Ndinathamangira kuchigafa, minga kundibaya, ndinabwera ndi masamba ndikumuikira pamiyendo. Ndinati sankha, Yobu, awonetse. Manja anawabisa m'khwapa. Maso kumbali. Masamba anatsetsereka nkugwera pansi.

Ndinaulula zonse, pamaso pa aliyense, manyazi nditawataya. Mayi Dyna anamvetsera, sanaseke. Anadikira pang'ono ndithu kuti mwina Yobu awagwira masambawo. Kenako: "Ndikukumvani, amayi, koma ndimalemba chimene ndaona. Ndatsala ndi midzi isanu ndi inayi, ndipo mafuta ndi a lero lokha." Anachonga. Akuti za amene sangathe ntchito zikukambidwabe, padzakhala semina.

Asananyamuke anamuveka Yobu tisheti, nkumujambula. Akuti chithunzicho ndi cha mu lipoti. Mwa zonse anatilonjeza, chafika ndi tisheti imeneyo, ndipo ndi yayikulu, ikumufika m'mawondo.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndinakumana ndi a Jeremiya pachigayo. Ndinawauza zakukhosi, anthu anasiya kupeta nkumamvera. Iwo: "Yayi, mama, ine ku Mponela sanandiitane. Akadandiitana bwenzi ndikudziwa." Ndiye kuti mlongo wanga waluza chifukwa cha nkhuku imene a Jeremiya sanadye.

Pobwerera ndinadzifunsa kuti ndikukalipira ndani kwenikweni. Fomu sinalowe m'nyumba mwanga nkukhazika Yobu pansi. Ndinamukhazika ndine.

Lolemba, 12 Meyi

Piritsi lomaliza wamwa m'mawa uno. A Benjamin akwera njinga kupita ku boma ndi nkhuku zanga ziwiri, zikagulitsidwa akalowa ku famase. Mabelo obwezedwa aja awamasula, ali m'chigafa, ofunika kusankhanso tsamba ndi tsamba. Pakhomo pano wodziwa ntchitoyo ndi mmodzi.

Mphasa ndachotsa, minga ndaotcha. Khomo la chigafa lili pululu kuyambira Lachinayi, koma iye akafuna kupita kuseri amazungulira kutali.

Ndinapita pansi pa mango paja. Ndinakhala pafupi, osamukhudza, sakonda kukhudzidwa. Ndinati Yobu, mlongo wanga, ndimvere. Iwe umatha. Palibe wokuposa kuno konse. Sindinakonzepo mulu wako ngakhale tsiku limodzi, sindingathe nkomwe. Zonse zija ndinanama. Ndinanama ine, achemwali ako, ndikhululukire.

Anasiya kugwedezeka. Anandiyang'ana kumaso, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Ndinati mumtima, wamva.

Anati, "Achemwali sanama."

Ndinabwerezanso. Kachitatu. Yankho lomwelo, modekha, ngati akunditonthoza ine.

Pamene ndikulemba pano adakali pompo, manja m'khwapa. Mawa ndiyesanso, koma sindikudziwa kuti ndiyambire pati.