Chotupa cha Alamu Chosapweteka

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine kuno ndili bwino, kupatula nsapato zomwe zatha ndi masitepe a chipatala.

Ntchito ikadali yomweyo, kunyamula timagalasi m'labu. Pa kagalasi kalikonse amaikapo kanyama kopyapyala kochokera m'chotupa cha wodwala, n'kuthirapo mankhwala. Ndinaona kuti nthawi zambiri adokotala amangolemba zotsatira n'kundipatsa, koma kagalasi kakada ngati tiyi wopanda mkaka, amaimba okha foni kuwodi. Sabata yatha ndinalimba mtima n'kufunsa.

Anandionetsa pamakina awo okuzira tinthu tosaoneka ndi maso. Anati thupi linapangidwa ndi timaselo ting'onoting'ono, ndipo selo likawonongeka limayenera kufa lokha, koma pali mapuloteni ena oletsa imfayo. Pa khansa ya m'anabere, yomwe amaitcha limfoma, mapuloteniwa akachuluka maselo oipa amakana kufa, ndipo ngakhale mankhwala amavutika nawo. Kuda kuja ndiko kumawaonetsa. Akakumananso ndi puloteni ina yofulumizitsa kuswana kwa maselo, matenda amathamanga. Ndinadabwa. Ndakula ndikudziwa kuti imfa ndi mdani, osadziwa kuti thupi limakhala bwino chifukwa cha timaliro ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku.

Ndinafunsanso ngati chotupa chotere chimapweteka. Anati kawirikawiri ayi.

Apa m'pamene ndinakumbukira kalata yanu. Munati chotupa cha pakhosi pa alamu chakula, malaya akuwakhwepa, koma kuchipatala akukana poti sichipweteka. Akuti iwo ndi kalipentala, mfundo amaidziwa. Muwafunse ngati anaonapo mfundo ya thabwa ikukula mwezi ndi mwezi.

Sindikuti ndi khansa. Adokotala anati zotupa zambiri si khansa, ndipo limfoma ikapezeka msanga ambiri amachira. Koma chosamva anachiphikira m'masamba, ndipo ine sindifuna kudzamva foni ija ikuimbidwa mochedwa.

Pempho langa ndi limodzi: mubwere nawo Lachiwiri, tsiku limene amatenga kanyama kokayeza. Akakana, muwauze kuti chitseko changa chagwa ndipo mlamu wawo akugona ngati mbuzi. Simunama ayi. Ndachizula dzulo ndekha, chili chotsamira kukhoma, ndipo ndakana akalipentala awiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali ndi adzukulu onse. Alamu muwauze asaiwale hamala. Kagalasi kawo ndidzakanyamula ndi manja awiri.

Ndine mlongo wanu,
Wamasitepe